Chaka Chomwe Tinadya Amuna a Maungu Athu

Ndikukumbukira, ee ndikukumbukira, chulu cha kuseri kwa nyumba yathu ku Ndunde. Chulu chofiira ngati chiwindi, m'mawa mame ali mbuu, ine kamtsikana ka miyendo yotuwa, kansalu ka biliwita m'chiuno, nsengwa m'manja. Anzanga inu obadwa kale, inu amene mano anatithawa koma kuseka sikunatithawe, senderani kuno. Ndili ndi mlandu umene ndinapalamula ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, kapena khumi, kaya, kunalibe wotiwerengera. Mpaka lero ndikauganiza ndimaseka mpaka kutsokomola.

Chinali chaka chotsatana ndi njala yaikulu ija. Inu mukuidziwa, sindikukuuzani zachilendo. Tinadya gaga, tinadya zitsinde za nthochi, tinadya ndi mbewu yomwe. Abambo anapita kukasuma cha ku Mulanje, ndipo anatulukira patapita zaka ziwiri, koma imeneyo ndi nkhani ina. Pakhomo tinatsala atatu: amayi, ine Velonika, ndi mlongo wanga Tadeyo, kamwana ka zaka zinayi, miyendo ngati mapesi, mimba yokha ndiyo inali tuu. Mvula itagwa tinadzala chimanga chopempha. Koma chimanga sichimva chisoni, chimadikira miyezi yake. Chotiolotsa kuti tikafike pa mondokwa Tadeyo akadali moyo chinali chimodzi chokha: maungu.

Nthanga tinalibe, tinali titakazinga zonse. Anatipatsa ndi Abiti Jafali, mayi wachiyao wa kutsidya kwa khwawa, Msilamu, wamtali, chipini pamphuno, mawu ngati a mwamuna. Anamasula mfundo ya nsalu yawo nathira m'dzanja la amayi nthanga zisanu. Zisanu basi. Tinadzala pachulu, tinathira phulusa, tinatchinga ndi minga. Zinamera zonse zisanu. Zinayanga, amayi inu, zinayanga! Masamba ngati malichero, timikono tawo topotana tikugwira udzu, tikugwira minga, tikadapeza mwendo wako tikadaugwiranso. Kenako maluwa. Tsiku lina ndikudzuka, chulu chonse chili psuu, achikasu okhaokha, atatsegula kukamwa ngati ana a kwaya.

Amayi anandiitana nandigwaditsa pakati pa masamba oyabwa aja. Anati, "Ona bwino, Velo. Ili la khosi lalitali, lowonda, lopanda kanthu kunsi, ndi lalimuna. Thyola, ndi chiluwe chimenecho, ndiwo. Ili lalifupi, lokhala pa kampira kobiriwira, ndi lalikazi. Kampirako ndi dzungu lako la mawa. Ukalikhudza ndikudula makutu." Ine ndinafunsa kuti nanga aamunawa ntchito yawo n'chiyani. Amayi anayang'ana njira imene anapitira abambo, anayang'ana nthawi yaitali, nati, "Kukongola."

Basitu. Ine kumva zimenezo ndinati ndaipeza ntchito. Ndinali mwana wakhama, wofuna kutamidwa, ndiponso wanjala. Tambala akangolira kachiwiri ine ndafika kale pachulu, dzuwa lisanatuluke, njuchi zisanasambe m'maso. Thyo, thyo, thyo. Ndinali ndi kanyimbo kanga kopeka ndekha: "Wokongola, wokongola, lowa m'nsengwa, ulibe mwana, lowa m'nsengwa." Ndinkavundukula tsamba lililonse. Ndinkathyola otseguka, ndinkathyola ndi osatseguka omwe, a mawa ndi a mkuja, kuti ndiwo zichuluke. Wamwamuna osatsala ndi mmodzi yemwe. Amayi ankaphika ndi chidulo, kamchere pang'ono, ndipo chiluwe chija chinkaterera pakhosi ngati mafuta. Ankati, "Mwana wanga uyu ndi maso a kabawi." Ine mutu kukula.

Musawaseke amayi anga. Iwo anakulira m'minda ikuluikulu, maungu m'mizere yonse ya chimanga, kuno maungu, uko maungu, kwa anansi maungu. Ndani akadamaliza maluwa m'munda wotero? Uthyole mpaka msana upweteke, aamuna ankatsala ambirimbiri. Koma chaka chimenecho mbali yathu yonse ya khwawa mapando a maungu anali asanu athuwo basi, ndipo anakumana ndi ine.

Timaungu tinayamba bwino. Kampira ngati dzira la nkhunda, kosalala, kaubweya pang'ono. Duwa lake limatseguka m'mawa, pofika masana lafota, ndiye mmene amachitira. Ife n'kumadikira kuti kampira kakule. Tsiku lachiwiri kali chomwecho. Lachitatu kayamba chikasu. Lachinayi kunsonga kwafewa, kwada, ukangokakhudza ndi udzu, phu, pansi. Koyamba tinati ndi tsoka. Kachiwiri tinati ndi mbozi. Tinafika pa khumi. Tadeyo ankakwawira pachulu n'kumatola togwato, n'kumayamwa, amayi n'kumamulanda akulira. Chimanga chinali chisanamasule ngayaye. Mwana uja analeka kusewera, analeka ndi kulira komwe, ankangokhala pakhomo maso ali yuu, ntchentche osaziingitsa.

Tsono inu mukudziwa mwambo wathu: dzungu laling'ono salilozera chala, limathothoka. Polisonyeza timaloza ndi chibakera kapena ndi mlomo. Amayi anayamba kuwerenga anthu odutsa. Ndipo wodutsa tsiku ndi tsiku anali mmodzi, Abiti Jafali, popita ku kasupe amene anali mbali yathu. Ankaima pachulu, mtsuko pamutu, n'kumati, "Akukula ana anga?" Njala imadya m'mimba, ikatha imadya nzeru. Amayi anati, "Anapatsa ndi dzanja, akulanda ndi chala." Analeka kuwayankha moni. Ndipo anandilamula kuti kwa masiku atatu ndisathyole chiluwe, nsengwa ndiisiye, ndikabisale pansi pa masamba m'mamawa, ndione ngati chalacho chikutuluka.

Masiku awiri oyamba Abiti Jafali anadutsa manja onse ali pa mtsuko. Tsiku lachitatu ndinagona chafufumimba, mame akundilowa m'khosi, nyerere zikundiyendera. Kutsogolo kwa mphuno yanga kunali duwa lalimuna, loyamba kupulumuka m'manja mwanga, chifukwa ndinali nditalisiya masiku awiri aja. Ndinaliona likutseguka. Ndinaliona, ndinaliona ndi maso angawa! Pang'onopang'ono ngati munthu akuyasamula. Ine amene ndinathyola mazanamazana ndinali ndisanasuzumiremo. M'kati munali kamtengo kamodzi kowongoka, ngati chala cha khanda, kokutidwa ndi ufa wachikasu. Kafungo kake kotsekemera, kakutali, ngati nzimbe imene wina akudya kuseri kwa nyumba.

Dzuwa litangogunda masamba, ndinamva nyiii. Njuchi. Inatera pamlomo pa duwa, inalowa chamutu, inatsika mpaka pansi pa kamtengo kaja pamene pali timadzi. Inazungulira, inadzigudubuza, matako okha akuoneka. Potuluka, mayo ine, inali ngati mayi wochokera kumtondo, mutu ufa, msana ufa, miyendo ufa. Inauluka molemedwa, pafupi pomwepo, n'kulowa m'duwa lalikazi. Ndinakwawa ndi zigongono kukasuzumira. Umo munalibe kamtengo kamodzi ayi. Munali timitu titatu tonenepa, togawika pakati, tokumbatirana, tonyezimira ngati tapakidwa uchi. Njuchi podzipanikiza kuti idutse, ufa uja unatsalira pa timituto, unamata. Ndinakhudza ndi kaudzu, kaudzu kanamata.

"Iwe! Wasanduka dzungu?"

Anali Abiti Jafali, atawona mapazi anga akutuluka kunsi kwa masamba. Ndinadzuka matope thupi lonse, ndipo poti ndinali mwana, ndinangoulula zonse, za chala, za kubisala, ndikulira. Sanakwiye. Anatula mtsuko, anayenda kuzungulira chulu, akuvundukula masamba ndi phazi. Anaona timakhosi todukaduka, paliponse timakhosi todukaduka.

"Chiluwe amathyola ndani?"

"Ine."

"Umasiyako angati?"

"Sindisiya. Amayi anati ntchito yawo ndi kukongola."

Anaseka, mayi uja anaseka! Anagwira m'chiuno, anakhala pansi pa udzu wonyowa, chipini chikugwedezeka. "Mwanawe, wapitikitsa akamwini onse m'mudzi, ndiye ukufuna ana achokere kuti?" Anagwira duwa lalimuna lija osalithyola, anagwedeza kamtengo kake pa chikhatho changa. Anati ufa umenewu ndi mungu, womwe uja umagwa ku ngayaye za chimanga. Anati duwa lalikazi likapanda kuulandira m'mawa umene latsegukawo, kampira kake kamafa, ngakhale ukapempherere m'Chiarabu kapena m'Chilatini. Njuchi ndiye nkhoswe, imayenda uku ndi uku. Chiluwe amathyola dzuwa litakwera, nkhoswe zitamaliza, ndipo amasiyako.

Ulendo wochokera pachulu kufika pakhomo unali mapazi makumi awiri, koma ndinauyenda ngati wopita ku Limbe. Ndinagwira makutu anga onse awiri, ndinati lero apita. Ndinawauza amayi kuti chala si cha Abiti Jafali, chala ndi changa. Ndinawaonetsa mungu pachikhatho. Anapita okha pachulu, anagwada, anasuzumira m'maluwa muja nthawi yaitali ngati akuyang'ana m'chitsime. Pobwera sanandimenye. Anabereka Tadeyo, anandigwira dzanja, tinaoloka khwawa. Anagwada pakhomo pa eni ake nati, "Abiti, ndinakuganizirani zoipa." Abiti Jafali anati, "Amake Velo, dzukani. Chala changa chikadakhala ndi mphamvu yotero, bwenzi nditaloza njala."

Mukuganiza kuti zinathera pomwepo? Ayi, mvula nayo inafuna kulowa m'nkhani. Mawa lake kunagwa mvumbi, uja wosalekeza, phiri la Chiradzulu osaoneka, nkhuku zili ndwii pakhonde. Njuchi pa mvumbi siziyenda. Ndinapita pachulu nditafunda tsamba la nthochi. Maluwa aakazi atatu atseguka, akudikira. Aamuna atseguka, akudikira. Nkhoswe palibe. Pofika masana onse afota, ndipo timaungu titatu tipita kumene anapita anzawo khumi aja. Ndinaima mvula ikundilowa m'makutu. Ndinayang'ana manja anga opalamulawa. Ndinati, inu munaononga, inu mukonze.

Ndinathyola lalimuna limodzi louma m'kati, limene linabisala pansi pa tsamba. Ndinalivula chikasu chake chonse, kunatsala kamtengo kokha. Ndinatchinga ndi tsamba la nthochi kuti mungu usanyowe. Ndinagwada pa lalikazi, lija londidulitsa makutu. Ndinalowetsa kamtengo, ndinasisita timitu titatu tija pang'onopang'ono, aka, aka, ndi aka, mpaka tonse tinachita chikasu. Ndinachitanso pa lachiwiri, pa lachitatu. Pofuna kuti zifanane ndithu, ndinkaimba nyiii, nyiii, kuti duwa lisadziwe kuti ndine Velonika. Pa khosi la kampira kalikonse ndinamangapo luzi kuti ndisasokoneze. Masiku anayi a mvumbi, m'mawa uliwonse, ine njuchi.

Kudikira kwake! Tsiku lachiwiri kampira kali chomwecho. Lachitatu, tsiku lija la chikasu, ndinapita maso nditatsinzina, ndinatsegula limodzi. Kobiriwira! Lachinayi duwa lagwa, kampira kali gwa, konyezimira, luzi layamba kuthina. Amayi anabwera, analoza ndi mlomo. Sabata isanathe kanali ngati chibakera changa, kenako cha amayi, kenako ngati mutu wa Tadeyo. Dzuwa litabwerera njuchi zinabwerera, zinandilanda ntchito, ine sindinadandaule.

Loyamba sitinalidikire kuti likhwime, tinalibe masiku otaya. Amayi analidula likadali lanthete, analiphika, chidutswa chachikulu anandituma nacho kutsidya kwa khwawa. Tadeyo anadya ndi khungu lomwe. Anadya, anagona, anadzuka, anadyanso. Tsiku lachitatu anayamba kulira, kulirira china, ndipo amayi anaombera m'manja, pakuti mwana wolira ndi mwana wamoyo. Maungu aja anatiolotsa, anatiolotsa ndithu mpaka mondokwa. Tadeyo uja anakula, anakhala kalipentala, anabereka ana asanu ndi atatu, anamwalira ndi imvi.

Lero zinthu zinasintha, anzanga. Chulu chija anaumba njerwa. Mitengo ya mphako imene munkakhala njuchi inapita ku makala, ndipo m'madimba akupopera mankhwala, m'mawa ukatchera khutu nyimbo ija ndi yochepa. Adzukulu anga ali ndi buku la kusukulu, mwajambulidwa duwa lodulidwa pakati, mivi uku ndi uku, mayina ataliatali, amaloweza n'kukhoza mayeso. Ndi zabwino, ine zimandikondweretsa. Koma ndikawafunsa kuti m'duwa la dzungu mumanunkhira bwanji, amayang'anizana.

Dzinja lathali mkazi wa mdzukulu wanga, Agnesi, anabwera nkhope ili khwinya, ati timaungu take tikungothothoka, ati mbewu ya kusitolo ndi yabodza. Ndinati mawa undidzutse kusanache. Anandigwira mkono mpaka kumunda, mawondo anga akulira ngati chitseko. Kugwada ndinagwada, kudzuka anachita kundinyamula. Ndinamuvulira duwa, ndinamupatsa m'manja, ndinati sisita wekha, ine ndinapuma pantchito. Anachita manyazi, ankayang'ana uku ndi uku kuti anthu asamuone.

Dzulo walowa pakhomo pano atasenza dzungu, lalikulu, la mizeremizere, khosi likuchita kupindika, akuvina ndi mapewa. Ndinamuimbira nthungululu mpaka nkhuku zonse zinathawira kuseri.