Tisheti Yachikasu ya Liwiro

Kuntchito ankamutcha Liwiro. Dzinali anamupatsa ndi madalaivala a malole, chifukwa nthawi yoweruka ikangokwana, mayiyu ankatseka kawindo kake, kuponya chidindo m'dirowa, n'kutuluka pageti ngati wasiya mkaka pamoto. Sankacheza, sankadikira mnzake, ngakhale paphwando la kutha kwa chaka ankangolawa chakumwa ali chiimire. Ena ankati ali ndi mwamuna wansanje. Mwamuna wake uti? Anthu akasowa chonena amakuumbira banja.

Anali kalaliki pakampani yogulitsa zipangizo zomangira nyumba. Tsiku lonse ankakhala kuseri kwa kawindo ka mawaya, fumbi la simenti lili m'nsidze, kulemba malata, misomali ndi mapaipi otuluka pageti. Mutu unali wakuthwa, zimenezo ngakhale abwana ankavomereza. Koma mutu wakuthwa pakawindo umangothera kukangana ndi madalaivala.

Chimene ankathamangira chinali m'kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa shopu ya telala. Amayi ake anadwala sitiroko iye akumaliza sekondale, bambo atamwalira kale, ndipo mbali yonse ya kumanja inafa. Mawu nawo anatsala owerengeka, otuluka movutikira. Kuyambira pamenepo Liwiro ndiye anali kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwasintha matewera, kuwatembenuza kuti asachite zilonda. Dipuloma yake anaiwerengera pambali pa bedi lomwelo, buku lili pamiyendo, supuni ili m'manja. Masiku a ntchito mayi telala ankasuzumira odwalawo masana. Loweruka telalayo ankapita kumsika kukagulitsa zosoka zake, ndiye tsikulo linali la Liwiro yekha.

Analinso ndi mlongo wake wamng'ono, amene Liwiro anamulera yekha. Ameneyo ndiye anadyerera sukulu. Mpira analimo, kwaya analimo, mitsutso analimo, mpaka kutsogolera kalabu yobzala mitengo, poti kunyumba kunali wotsala. Masatifiketi ake onse anali pakhoma pamwamba pa bedi la amayi, pamodzi ndi chithunzi chake atavala gauni. Cha Liwiro panalibe. Tsopano mlongoyo anali ndi mkazi ndi ntchito kumzinda wina, ndipo chikondi chake chinkabwera pafoni. "Asisi, muwapatse moni amayi, ndibwera ndikapezako mpata." Mpatawo unali ngati mvula ya chaka cha chilala.

Ndiye kunabwera nkhani ya sukulu. Chaka ndi chaka kampani inkalipirira wantchito mmodzi kusukulu ya ukachenjede pa zamalonda, bola sukuluyo imutenge. Wobwerako ankakwezedwa kukhala manijala. Kwa Liwiro umanijala sunali nkhani ya mpando wozungulira ayi. Unkatanthauza namwino wowasamala amayi, nyumba yokhala ndi bafa m'kati, ndi tulo. Koma kampaniyo inali ndi malire a zaka, ndipo iye chaka chimenecho chinali chomaliza. Akaphonya, basi, adzakalambira pakawindo.

Mafunso onse a pafomu yofunsira malo kusukuluyo anawayankha mosavuta, mpaka anafika pa chimangirizo chomaliza. Funso lake linkati afotokoze zimene amachita kunja kwa ntchito ndi maphunziro, monga magulu amene alimo, masewera, kapena ntchito zodzipereka, ndi zimene waphunzirako. Anayang'ana pepalalo, nalonso linamuyang'ana. Masewera ati? Kunyamula munthu wamkulu kuchoka pabedi kupita pampando, kodi amenewo ndi masewera?

Anapita kukafunsa kwa a Tayi, mkulu wa zogulitsa, amene anaphunzira kusukulu yomweyo. Ankatchedwa choncho chifukwa ngakhale dzuwa liswe mtengo, tayi sankavula. Munthu woipa sanali, kungoti ankakonda kumva mawu ake omwe.

"Kodi ndikalemba zoti ndimasamala amayi anga odwala, zingatheke?" anafunsa Liwiro, mawu ali pansi. Kanali koyamba kutchula nkhaniyi kuntchito.

A Tayi anaseka, osati mwachipongwe, koma ngati akumva mwana akufunsa za kumwamba. "Aaa, a Liwiro! Za kunyumba ayi. Aliyense ali ndi amake. Kumeneko akufuna mtsogoleri, munthu wotumikira anthu ena, osati abale ake. Pezani gulu, mulowe, akulembereni kalata, muikepo ndi chithunzi. Ine ndinalowa gulu losesa m'misewu. Tsache ndinaligwira kangati? Koma chithunzi chinatuluka bwino."

Liwiro anakhulupirira. Akanakana bwanji, poti amayi ake omwe anamulera ndi mawu akuti za m'nyumba sitiyanika panja? Zaka zonsezi anali atabisa matenda aja ngati chilonda cha pamalo obisika. Mawu a a Tayi anangogwera pamene panali pofewa kale.

Gulu analipeza msanga, la amayi ndi abambo oyendera odwala m'makomo Loweruka lililonse. Anali ndi matisheti achikasu, ankanyamula sopo ndi shuga, ndipo ankatsogoleredwa ndi amayi ena onenepa, a mawu ngati belu, amene aliyense ankangowatchula kuti atcheya. Atcheya ankakonda anthu, ankakondanso kamera, ndipo sindikudziwa chimene chinkatsogola.

Liwiro anawafotokozera amayi ake zonse, akuwapesa tsitsi. "Ndi miyezi yochepa chabe, amayi. Akangondilembera kalata, ndisiya." Odwalawo anatukula dzanja lawo lamoyo n'kumukankha pang'ono paphewa.

"Pita, iwe."

Ankamutchula choncho nthawi zonse. Dzina lake linawakanika kuyambira tsiku la sitiroko, kunangotsala iwe.

Taonani tsono mmene dziko lilili. Loweruka m'mawa Liwiro ankasambitsa amayi ake, kuwaikira madzi ndi buledi pampando, kukoka chitseko osakhoma poopa moto, n'kupita kukasamala amayi a eni. Tisheti ankaivalira pasiteji ya basi, kuti anthu apafupi asamufunse. Kugulu sanauze aliyense kumene amakhala. Pasanapite nthawi atcheya anaona kuti manja a membala watsopanoyu ndi odziwa. Ena akuima pakhomo atagwira mphuno mwaulemu, iye anali atatembenuza kale wodwala, kuyala nsalu youma, kupaka mafuta m'zidendene. "Mtsikana uyu ndi mphatso," ankatero atcheya. Pobwerera ankapeza amayi ake atanyowa, nthawi zina kapu itagwa pansi, milomo itauma. Ankawasintha mwakachetechete, mtima ukumuwawa ngati waba.

Loweruka lina atcheya anaombera m'manja gulu litasonkhana. "Lero tili ndi nkhani yomvetsa chisoni. Bambo wina wandiimbira foni. Wangosamukira kumene m'nyumba ina, ndiye akuti kuseri kwa khoma lake kuli gogo amene Loweruka lililonse amangobuula yekha. Ana alipo, koma anamutaya. Tiyeni."

Anakwera basi. Itakhota pamalo omwetsera mafuta, Liwiro anazindikira kuti ndi msewu wa kwawo. Anatsikira pasiteji yake yomwe. Anadzilimbitsa mtima kuti makomo ndi ambiri, odwala ndi ambiri. Koma bambo wachilendo uja, amene sankamudziwa nkhope poti Liwiro ankachoka m'mawa n'kubwera kukuda, anawatsogolera molunjika kudutsa pashopu yotseka ya telala. Msewu unali zii, anthu ali kumsika. Palibe anatulukira kuti anene, "Si mwana wawo uyu?" Mwina zikanakhala bwino wina akanatero.

Apa ndiye anayenera kulankhula. Koma atcheya anali atamulonjeza kalata sabata yotsatira, ndipo tsiku lotseka kulandira zofunsira malo linali pafupi. Analowa m'nyumba mwake pambuyo pa alendo.

"Mayo ine!" anafuula atcheya. "Taonani, madzi atayika, munthu wanyowa!" Maso awo anakwera pakhoma. "Ndipo mwana wake ndi wophunzira, mpaka gauni! Mako ndi mako, anthuni, usamuone kuchepa mwendo. Ana a masiku ano alibe mtima. A Liwiro, bwerani, inu ndinu wa manja abwino."

Liwiro anagwada pambali pa bedi. Manja anayamba okha ntchito imene anaizolowera, limodzi pansi pa phewa lakufa, lina m'chiuno. Anangotsala pang'ono kutsegula dirowa ya matewera asanauzidwe, koma anadzigwira n'kufunsa mokweza ngati wina waona nsalu youma. Amayi ake anamuyang'ana kumaso. Anayang'ana tisheti yachikasu, anayang'ana foni imene bambo wina anali ataitukula kale kuti ajambule. Thupi linali lakufa mbali imodzi, koma nzeru zinali zonse.

"Agogo, ana anu ali kuti?" anafunsa atcheya mokuwa, ngati odwalawo ndi ogontha.

Milomo inavutika nthawi yaitali. "Ku... kutali."

"Mwamva? Kutali! Ndiye thokozani mtsikana uyu, wasiya zake kudzakusamalani inu."

Odwalawo anatembenuzira maso kwa mwana wawo. Liwiro ankapempha mumtima kuti angonena iwe, zonse zithe, manyazi abwere, kalata ipite. Koma amayi ake anali atasankha kale kumuthandiza.

"Zikomo... mayi."

Foni inajambula. Chithunzi chinatuluka bwino kwambiri.

Gulu likuchoka, Liwiro anakwera nalo basi, n'kutsika pasiteji yotsatira, n'kubwerera wapansi akulira ngati mwana. Atalowa, amayi ake anali atayang'ana kukhoma. Za tsikulo sanakambirane, ngakhale tsiku limodzi.

Kalata ya atcheya inabwera, yodzaza matamando, ndipo anaikamo chithunzi chija ndi mawu pansi pake akuti membala wawo akusamala gogo wotayidwa ndi ana ake. A Tayi ataiona anati, "Basi, mwalowa kale." Liwiro analemba chimangirizo chake, chonena za chifundo ndi kutumikira anthu, n'kutumiza zonse pamodzi. Walira mvula walira matope.

Sukulu inamuitana kukaonana ndi aphunzitsi. Chipinda chake chinali chozizira, cha tebulo lalitali ndi mabotolo a madzi osatsegula. Mafunso a zamalonda anawayankha mpaka bambo wa kumapeto anagwedeza mutu. Kenaka mayi wina wa imvi, wa magalasi, anatsegula faelo n'kutulutsa chithunzi chija.

"Ntchito yabwino iyi," anatero mayiyo modekha. "Koma ndikuona kuti gululi mwalowa posachedwapa, nthawi yofunsira malo itayandikira. Zotere timaziona kawirikawiri. Chimene ndikufuna kudziwa ndi zaka zonse za m'mbuyomu. Mukaweruka munkatani? Sikuti mpaka likhale gulu ayi. Ena amalera abale awo, ena amadwazika kholo. Kwa ife zimenezo n'zazikulu, chifukwa munthu amene wasenza katundu nthawi yaitali osamutula ndi amene timamufuna. Inu pali chimene mwasenza?"

Liwiro anamva ngati pansi patseguka. Yankho lonse linali patebulo pomwepo, m'chithunzi, likumuyang'ana ndi diso limodzi lofooka. Zaka zoposa khumi za matewera, za tulo toduladula, za liwiro la pageti. Koma pansi pa nkhope ya amayi ake panali mawu aja, wotayidwa ndi ana ake, ndipo pambali pawo panagwada iye, mlendo wachifundo wa tisheti yachikasu. Akanati awa ndi amayi anga, ndiye kuti ndi wabodza amene anajambulitsa ndi kholo lake ngati wopemphetsa. Akanati ndimadwazika amayi anga kunyumba, osatchula chithunzi, ndiye kuti wawakana kachiwiri, iwo ali pomwepo. Lilime linakana zonse ziwiri.

"Palibe," anatero. "Ndinkangopita kunyumba."

Mayi wa magalasi anadikira pang'ono, ngati akumupatsa mpata wina. Kenaka anabweza chithunzi m'faelo n'kumuthokoza chifukwa chobwera.

Yankho silinachedwe. Malo anapatsa ena, ndipo kampani inatumiza mnyamata wa ku ofesi ya a Tayi, amene ankaphunzitsa ana mpira. A Tayi anadabwa kwambiri, anati mwina chithunzi chinali chimodzi chokha, akanaika zingapo. Mlongo wa Liwiro uja anaimba foni kunena kuti asadandaule, Mulungu ali ndi nthawi yake, ndipo abwera akapezako mpata.

Liwiro akadali pakawindo kaja, nsidze zayamba kuyera ndipo tsopano si simenti yokha. Madalaivala atsopano amamutchula dzina lomwelo osadziwa kumene linachokera. Kugulu anasiya. Tisheti yachikasu anaidula pakati, ndi imene amawayalira amayi ake pachifuwa powadyetsa, poti nsalu yake imamwa bwino madzi.

Chimene sanathe ndi kuwauza amayi ake kuti sukulu inamukana. Anthu awiriwa analipira limodzi, ndipo odwalawo ndi amene analipira zambiri. Ndiye Loweruka lililonse, Liwiro akamawapukuta pakamwa, amayi ake amagwira kansalu kachikasu kaja ndi dzanja lamoyo, n'kulimbana ndi milomo mpaka mawu atuluke.

"Iwe... sukulu?"

"Sanayankhebe, amayi," amatero Liwiro. "Tsegulani pakamwa."