Kagetsi Kobiriwira pa Chiwongolero

Ntchito yanga inali ya mawaya a galimoto. Ndinkagwirira pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi pamene msewu wa ku Nguludi umapatukira. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, koma palibe galimoto inachoka pamalo panga magetsi akuphethira. Sindidabwa wamba. Zimene zinandidabwitsa pa moyo wanga n'zochepa, ndipo chimodzi ndi ichi.

Mng'ono wanga anayendetsa malole zaka zambiri pakati pa Joni ndi Limbe. Anali dalaivala wa khutu. Geji sankaiyang'ana. Injini ikangosintha mawu, dzanja lake linali litafika kale pa giya. M'zaka zoyambirira za matipate anadwala malungo aakulu ali pa ulendo. Anachira, koma makutu onse awiri anatsekeka. Ntchito inathera pomwepo.

Kumudzi anabwera ndi chinthu chimodzi chooneka: galimoto yakuda, yaliwiro, ya zitseko ziwiri ndi mipando iwiri. Anaigula yakale ku Joni. Inali yaifupi moti denga lake linkandilekeza pamchombo, ndipo thumba la chimanga silinkalowamo. Anthu ankaiseka, koma ikaima pa tchalitchi ankaizungulira.

Vuto linali ili. Lole imagwedeza mpando, ndiye munthu amaimva ndi msana ngakhale makutu atafa. Iyi inkangoyenda myaa. Mng'ono wanga ankakhalitsa mu giya yachiwiri, injini ikukuwa mpaka anthu m'njira kutseka makutu, iye ali phee, akumwetulira. Geji yosonyeza kuthamanga kwa injini inalimo, koma inali pansi, kuseri kwa chiwongolero. M'misewu yathu ya njinga za makala, mbuzi ndi maenje, maso sachoka kutsogolo. Tsiku lina anafika pamalo panga injini ikununkha chopserera, madzi akuwira.

Tsiku lomwelo mkazi wake, mlamu wanga, anatenga makiyi n'kuwamanga pa nsonga ya chitenje.

"Alamu," anatero kwa ine, "makutu apita, ndavomera. Koma mwamuna wanga asapite nawo. Kuli munthu ku Limbe akuifuna galimotoyi."

"Mwawauza eni ake?"

"Ndawauza. Akuti sakumva."

Mng'ono wanga sanakangane naye. Ankangodzuka m'mawa, kutsuka galimoto, n'kukhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka. Ndevu anasiya kumeta. Ndinaona kumene zinkapita. Pagulu la anthu anali wogontha, womukodola ndi manja ngati mwana. Pa chiwongolero pokha ndi pamene ankakhala munthu wakale uja. Akanamulanda pamenepo, akanatsala ndi khonde basi.

Nzeru inabwera ndi mnzake wina wa malole amene anadzamuzonda. Anatiuza kuti ku Joni, m'galimoto za mpikisano, phokoso limachuluka moti oyendetsa saimva bwino injini. Ndiye amaika kagetsi kamene kamayaka nthawi yosintha giya ikakwana. Ndinamuuza kuti akabwere nako. Ulendo wotsatira anabweretsa tiwiri kuti tisankhe.

Kena kanali kakakulu ngati tochi, kokhala ndi mwendo wachitsulo. Kachiwiri kanali ngati chala chachikulu, kali ndi kotembenuza kumbuyo. Mng'ono wanga analoza kakakulu. Ndinakana. Kakanatchinga msewu, ndipo mabampu a kwathu akanakathyola mwendo mvula isanagwe. Ndinatenga kakang'ono.

Makiyi ndinakapempha kwa mlamu wanga. Anamasula mfundo pang'onopang'ono.

"Ndikubwereka inu, osati iwo."

Mawaya anali atatu. Wamoto ndinaulumikiza pa fyuzi imene imadzuka ndi kiyi. Wachiwiri ndinaumanga pa chitsulo cha galimoto. Wachitatu unapita ku koyilo, kumene kagetsiko kamawerengera kugunda kwa injini. Zimenezo sizinandichedwetse. Chovuta chinali malo. Poyamba ndinakaika pakati pa dashibodi, koma kolona imene inkalendewera pa kalilole inkakaphimba galimoto ikagwedezeka. Nditagwira kolonayo kuti ndiichotse, mng'ono wanga anandigwira mkono. Ndinaisiya.

Ndiye ndinamukhazika pampando wake n'kumulozera nthochi imene inali patsogolo pathu kuti aziyang'ana pomwepo. Kagetsi ndinakayatsa ndi batire, n'kumakayendetsa ndi dzanja pang'onopang'ono. Kali kumanzere sanagwedezeke. Kali pansi sanagwedezeke. Katafika pamwamba penipeni pa chiwongolero anagwedeza mutu, maso ali pa nthochi. Ndinaboola pomwepo. Dzuwa la masana linkakameza, choncho ndinadula chubu cha njinga n'kukavekera kachipewa.

Kotembenuza kaja ndiko kamauza kagetsi poyakira. A mpikisano amakakweza mpaka kumapeto. Ine ndinakatsitsa. Ndinaponda mafuta, khutu lili tcheru, kufuna pamene injini imasiya kung'ung'udza n'kuyamba kudandaula. Ndinabwereza mpaka kagetsi kanayamba kuyaka pamenepo ndendende. Khutu langa ndinaliika mmenemo.

Tinakayesa pa msewu wa tala wolowera ku Mikolongwe, ine ndili pambali pake. Ananyamuka bwino. Injini inakwera, kagetsi kanayaka. Kanali kofiira, monga kanachokera kofula. Nthawi yomweyo mng'ono wanga anaponda kilachi ndi buleki, n'kuzimitsa injini pakati pa msewu. Minibasi imene inali kumbuyo inatilambalala ndi m'thengo, kondakitala akutukwana mtundu wathu wonse. Mwayi wake sanamve.

"Oyilo, achimwene," anatero, ndi mawu okweza a munthu wosadzimva.

Ndinapukusa mutu, n'kuloza giya. Anaseka mwamanyazi, pakuti ankadziwa. Ndinali nditamufotokozera zonse ndi manja ndiponso polemba pansi ndi kamtengo. Tinayesanso, ndipo anachita chimodzimodzi. Munthu wa lole amaphunzira chinthu chimodzi asanaphunzire china chilichonse: getsi lofiira likayaka ndiye kuti oyilo watha, zimitsa usanaganize. Zaka zonse zija zinali m'dzanja lake.

"Mutu ukudziwa," anatero. "Dzanja likukana."

Anakaimika galimoto m'mbali mwa msewu. Kenako anatulutsa mkono pawindo n'kuthyola tsamba la chimanga.

"Ngati la pa maloboti, achimwene. Lobiriwira ndiye kuti pita."

Titabwerera ndinachotsa kagalasi kofiira. Ndinadula tizidutswa tiwiri tozungulira pa botolo la pulasitiki lobiriwira, n'kutisanjikiza, n'kumata.

Mlamu wanga ananena kuti ulendo uno akwera yekha, aone ndi maso ake. Mwamuna wake akalakwitsa, makiyi abwerera pa chitenje ndipo wa ku Limbe aitanidwa. Mipando inali iwiri, choncho ine ndinayenera kutsala.

"Nanga akalakwitsa ndidziwa bwanji?" anafunsa akulowa.

"Makutu muli nawo ndinu, alamu."

Unali m'mawa, mphepo kunalibe. Ndinaima m'mbali mwa tala, pafupi ndi amayi ogulitsa tomato. Galimoto itanyamuka ndinaitembenukira msana. Maso sakanandiuza kanthu.

Giya yoyamba inakwera, n'kukwera, mpaka pamalo paja ndinasankha. Mawu anaduka pang'ono, yachiwiri inalowa bwinobwino. Injini sinazime. Yachitatu ndinaimva atakhota kale. Yachinayi inachokera kutali, kuchigwa, yopyapyala ngati ulusi. Panalibe kukuwa ngakhale kamodzi.

Kutsidya kuli chitunda. Kagetsi kaja sikanena za kutsitsa giya, kamangonena za kukweza. Ndinadikira kuti ndimve injini ikutsamwa. M'malo mwake ndinamva akutsitsa yekha, pa nthawi yake, mofewa, monga ankachitira kale akamabwera ndi lole, ife tili kumunda n'kudziwa kuti ameneyo ndi wathu. Munthu wosamva ngakhale bingu ankaimbitsa injini kutsidya kwa chigwa, ndipo womva ndinali ine. Amayi a tomato anali atasiya kucheza. Mmodzi anandifunsa ngati ndikudwala.

Anabwerera mwa njira yomweyo, mawu akukula, mpaka anaima pamapazi panga. Mlamu wanga anatuluka duku litapendekeka. Analikonza, n'kumanganso chitenje. Pa nsonga panalibe mfundo. Makiyi anali akulendewera pa galimoto.

"Lamlungu kutchalitchi tipita pa galimoto," anatero. "Inu alamu muyenda pansi. Mipando ndi iwiri."

Mng'ono wanga sanatuluke. Manja onse anali pa chiwongolero. Anandiyang'ana pakamwa, monga ankachitira akafuna kuwerenga mawu.

"Yalira bwanji, achimwene?"

Ine sindiyamikira munthu. Ndiponso ndikanayankhula, sakanamva. Ndinavula chipewa, n'kuima nacho m'manja pamaso pa mng'ono wanga, amayi a tomato akuona. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako analiza injini, n'kukodola mkazi wake kuti akwerenso.