Anandisankhira Chipinda cha Pamwamba pa Phiri

Anzanga, lero mundipirire, ndikufuna nditulutse zakukhosi.

Ndinakumana naye pa kauntala yake yokonzerapo mafoni. Yanga inali itagwera m'beseni, ndiye ndinafika ndili wefuwefu, ndodo yanga m'manja. Mwendo wanga wakumanzere unapuwala ndili mwana, ndimayendera ndodo yachitsulo ija ya kuchipatala.

Anthu ambiri amayamba kuyang'ana mwendo, nkhope pambuyo. Iye anayambira nkhope.

"Foniyi ikhala bwino," anatero. "Koma kuti ndiiyese, mundipatse nambala yake."

"Njira yakale imeneyo, achimwene," ndinamuyankha. Koma nambala ndinapereka, ine wopepera.

Ndinamutcha Wachaja. Madzulo ankandidikira panja pa shopu yomwe ndimasoka, n'kumayenda pang'onopang'ono kuti tifanane. Labala ya kunsi kwa ndodo itatha, anaisintha yekha osauzidwa. Ndinamukonda mnyamatayo mpaka anzanga akuntchito ankandiseka kuti ndadyetsedwa.

Chimodzi chokha chinkandisowetsa mtendere. Kwawo sankanditengerako.

"Nthawi yake ikubwera, babe," ankatero.

Tsiku lina anangoti, "Weekend ikubwerayi tikapume ku chilumba. Ndinakulonjeza kalekale."

Ndinachita kuvina ndi mwendo umodzi! Ntchito yofufuza malo ogona ndinaitenga ndine. Munthu ngati ine safunsa za view. Ndinkaimba foni n'kumafunsa kuti masitepe alipo, bafa ndi loterera, nanga kuchokera pomwe boti limaima ndi patali bwanji. Mpaka ndinapeza lodge ina m'mphepete mwa madzi, pamalo athyathyathya, chipinda chapansi, bafa lokhala ndi pogwira.

Nditamuonetsa, nkhope inasintha.

"Imeneyo ayi. Kumadzaza anthu ngati pamsika. Ndapeza ina pamwamba pa phiri, yaphee, ya ife awiri."

"Nanga masitepe?"

"Ndizikubereka, babe. Msanawu ndi wantchito yanji?"

Anzanga, ndinasungunuka ngati majarini padzuwa.

Titatsika m'boti, tinadutsa pa lodge yanga ija. Anthu ankakhoma matenti ndi kuyala mipando yoyera. Wachaja anatsitsa kapu kumaso n'kundifulumizitsa, koma ine maso anali pa madzi.

Masitepe ake anali amiyala, otsetsereka, opanda pogwira. Anandibereka mpaka pamwamba, tikuseka njira yonse. Ndinkati mumtima, Mulungu, mwandikumbukira.

M'mawa anatenga kachikwama kena komwe sanatsegule chifikireni.

"Pali kasitomala kumunsiku, foni yamuvuta. Ndibwera pompano."

Dzuwa linafika pamutu. Foni yake inkangoitana. Ndinakhala pakhonde, ndikumva nyimbo kuchokera kumunsi, njala ili pwee. Ndinayang'ana masitepe aja ndipo ndinadziwa kuti ndekha sindingatsike.

Kenako kunabwera mayi wina woyeretsa m'zipinda, atanyamula mashiti.

"Inu simukupita ku ukwati?" anandifunsa. "Amuna anu ndawaona m'suti. Akuti ndi achimwene a mkwatibwi."

Ndinatenga ndodo yanga n'kuimirira.

"Amayi, ndithandizeni nditsike."

"Mwanawe, masitepewa ndi oipa. Ungavulale."

"Ingondigwirirani ndodo."

Ndinatsika chokhala, sitepe ndi sitepe, ngati mwana wophunzira kukwawa. Diresi yanga yatsopano, yomwe ndinasoka ndekha chifukwa cha ulendowu, inang'ambika kumbuyo. Mayi aja sanandifunsenso kanthu, ankangondipukuta thukuta ndi nsalu yawo.

Wachaja ndinamupeza pa lodge yanga ija, ataima pafupi ndi tenti, duwa lili pachifuwa, akuseka ndi abale ake. Atandiona, kuseka kuja kunathera m'kamwa.

Mayi wina wovala bwino anandiyandikira. Mphuno ndi maso, ndinadziwa kuti ndi mayi ake.

"Mwanangu, wachita chiyani? Wagwa? Iwe, bweretsa mpando uko!" Anandikhazika pansi n'kundisansa fumbi ndi manja awo. "Wabwera ndi ndani?"

Ndinamuyang'ana Wachaja. Ndinamupatsa mpata, anzanga. Mawu amodzi okha akanandikwanira.

Iye anayang'ana mchenga.

"Ndabwera ndekha, amayi," ndinatero. "Ndangosochera."

Anandipatsa chakumwa chozizira, n'kundiuza kuti ndisachoke ndisanadye. Apa m'pamene misozi inandigonjetsa. Mayi amene Wachaja ankandibisira anali munthu wabwino chonchi.

Wachaja anandipeza podikirira boti, mayi woyeretsa aja atanditsitsira chikwama.

"Babe, ukanangodikira. Ndinkaopa mafunso a anthu. Ukudziwa mmene achibale amayankhulira..."

"Ndiye unandisankhira malo oti ndisathe kutsika?"

"Ndinkafuna usangalale, komanso ku ukwati ndisajombe."

"Ndiyankhe. Unkadziwa kuti sindingatsike?"

Anagwedeza mutu kuvomera.

Ndinakwera boti ndekha. Woyendetsa anandigwira dzanja pokwera, ndipo Wachaja anabwerera kukajambulitsa zithunzi za banja.

Ndakhala ndi mwendo uwu moyo wanga wonse. Ana anandisekapo, minibasi zinandisiyapo pa siteji, koma palibe amene anaugwiritsapo ntchito ngati loko wonditsekera. Amene anachita zimenezo ndi munthu amene ndinkamukhulupirira kuposa wina aliyense.

Anzanga, munthu akamakuberekani, muzifunsa komwe akukupititsani. Ine sindinafunse, ndipo mpaka lero zikundiwawa.