Mapiritsi a Amayi m'Jekete la Atsibweni

Kabotolo kameneka ndikadali nako. N'kapulasitiki, kale kanali koyera koma tsopano kachita chikasu, ndipo chivindikiro chake sichitseguka ukapanda kuchidinikiza kaye. Ndimasungiramo singano ndi mabatani. Anzanga akabwera kudzacheza amati, “Iwe, zinyalala ngati izi ukusungiranji?” Ine ndimangoseka. Ukakagwedeza masiku ano mumalira mabatani, koma kale munkalira mapiritsi a amayi, timapiritsi tapinki tochepa kuposa njere ya nandolo.

Amayi anali ndi chitsulo mu mtima. Matenda ena aubwana anawawonongera kachitseko kamene kamatsegulira ndi kutsekera magazi, ndipo ine ndisanayambe sukulu anthu achifundo anawatengera kunja, anakawang'amba pachifuwa n'kuikamo kachitseko kachitsulo. Anabwerako ndi chipsera chachitali ndi kaphokoso. M'nyumba mukakhala zii unkakamva bwinobwino: thi, thi, thi. Abambo anali mkamwini wochokera ku Kadewere, ndipo sanapirire. Anati sangagone pafupi ndi wotchi, anatenga khasu lawo ndi wailesi n'kubwerera kwawo. Tinatsala awiri.

Magazi akakumana ndi chitsulo amafuna kuundana, ndiye chifukwa chake amayi ankamwa piritsi tsiku lililonse dzuwa likamalowa. Kumaliro, kutchalitchi, kumunda, kabotolo kankakhala komanga pa mfundo ya chitenje. Sankaiwala. Akadzicheka ndi mpeni posenda chinangwa magazi ankachedwa kusiya, ndipo ankandiuza kuti ndi mmene ziyenera kukhalira. “Awa ndiwo amandisunga,” ankatero, “osati wina aliyense pamudzi pano.”

Chaka chimenecho chiperoni chinabwera chamkwiyo. Phiri la Chiradzulu linasowa m'nkhungu, zovala sizinkauma pachingwe, mphasa zinkanunkha chinyezi. Ndikaweruka kusukulu tinkafunda bulangete limodzi pakhonde masanasana, ine nditatsamira pachifuwa pawo, nandolo akuchita maluwa achikasu kuseri kwa nyumba. Nthawi yomweyo ndi imene amayi anayamba kuona magazi akapita kuchimbudzi. Zikhatho zinayera. Tsiku lina anachita chizungulire pamjigo, ndowa n'kuwagwera paphazi. Kuchipatala chaching'ono cha kwathu anawatumiza ku chipatala china cha m'tauni, ndipo wodwala sapita yekha, amafunika gadiyani, womudikirira ndi womuyankhira. Anapita nawo atsibweni, mchimwene wawo wamkulu.

Atsibweni ndiwo anali mwini mbumba. Ukwati, mlandu, malire a munda, maliro, zonse za ife ana a akazi zinkathera pakamwa pawo. Ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango pa Mbombwe, ndipo akabaza onse a pamenepo ankawatcha abwana. Anali ndi jekete limodzi lakuda limene sankavula ngakhale popopa tayala. Sanali chidakwa, sankamenya munthu. Kungoti mawu awo akatuluka sankabwereranso, ngakhale iwo eni ataona kuti alakwa. Za mtima wa amayi ankati amazidziwa kuposa madokotala, poti valavu ndi valavu basi, kaya ya njinga kaya ya munthu.

M'tauni adokotala anati afunika kuunika m'matumbo ndi kapaipi kokhala ndi kamera kunsonga, kolowetsa kotulukira chimbudzi. Akapezamo kachotupa adzakadula pomwepo, ndipo munthu amene magazi ake saundana akhoza kutaya magazi osasiya. Choncho mapiritsi aime kaye masiku ochepa tsiku lounikalo lisanafike, m'malo mwake azibayidwa jakisoni pamimba, yemwe mphamvu yake imatha msanga. Akangomaliza kuunika, ayambirenso kumwa. Amayi anamva zonse. Koma amene ankayankha kuti “eya, eya, tamva” anali atsibweni, ndipo asanatuluke n'komwe pageti anatambasula dzanja. “Bweretsa kuno kabotoloko, chemwali. Ungaiwale n'kumwa, n'kundichititsa manyazi.” Amayi anamasula mfundo ya chitenje n'kupereka. Mkazi wa kwathu sabweza dzanja la mchimwene wake pagulu.

Nkhani ya kapaipi inafika pa Mbombwe amayi asanafike kunyumba. Atsibweni anaisandutsa nthabwala ya pantchito. Ankanyamula pampu ya njinga m'mwamba n'kumati, “Bwenzi nditamuunika ndekha ndi iyi,” akabaza n'kumagubuduka ndi phwete. Ndinamva ndi makutu angawa ndikudutsa ndi thumba la mgaiwa kuchokera kuchigayo. Mlongo wawo weniweni, wa bere limodzi! Mpaka lero ndikamva pampu ikulira mtima umandiwira.

Jakisoni uja anabayidwa monga anauzidwira, anamwino a kwathu sanajombe. Mimba yonse inachita mabala akuda. Dzulo lake la ulendo amayi sanadye kanthu, anangomwa madzi ndi mankhwala otsuka m'mimba amene anawapatsa, ndipo anakhalira kuthamangira kuchimbudzi m'kamvula kaja. Ndinkawadikirira panjira ndi chitenje chouma. M'mawa anasamba, anavala diresi lawo la kutchalitchi, anakhala pakhonde kudikira njinga. Atsibweni anabwera wapansi, foni ili m'manja, poti pamudzi pathu foni inali yawo yokhayo.

Kuchipatala aimba kuti makina ounikira aja awonongeka, anatero, tsiku lina adzatiuza.

Amayi anafunsa za mapiritsi. Ndikukumbukira mmene atsibweni anayang'anira kumbali, kumitengo ya nandolo. “Akuti uyambirenso kumwa mpaka adzaimbenso. Koma waimbayo ndi kamtsikana, mawu ake ngati mwana wasukulu. Ine adokotala anandiuza pamaso, mwamuna mnzanga, kuti usamwe mpaka akuunike. Akaimba mawa kuti bwerani, iwe utamwa, ndikayankha chiyani?” Anagunda thumba la jekete, kabotolo kanalira, n'kumapita.

Apa mpamene ndimafuna kukuwa ndikamakumbuka. Uthenga unafika. Unafika wonse, wolondola, panthawi yake. Palibe amene anasokoneza, palibe amene anaiwala. Munthu anangoona kuti mawu a mkazi wapafoni ndi opepuka kuposa mawu amene iye analandira atavala jekete.

Sabata inatha, inzake inayamba. Jakisoni anali wa masiku okonzekera okha, ndipo anali atatha. Amayi ankati dzuwa likamalowa dzanja linkapita lokha pa mfundo ya chitenje. Poyamba anandituma ine. Ndinakagwada pamalo okonzera njinga n'kunena monga anandiuzira, atsibweni sanadzutse n'komwe mutu pa sipoko imene ankamanga. Kenako amayi anapita okha kunyumba kwa atsibweni, anagwada pabwalo m'matope, alamu awo akupeta mphale pakhonde osasiya. Sanalire. Anangoti, “Achimwene, thupili ndi langa, ndikulimva.” Atsibweni anati ana aakazi a m'banja lathu vuto lawo ndi limenelo, kudziwa kwambiri, n'chifukwa chake amuna amawathawa.

Aphunzitsi athu nawonso anathirapo yawo. Ankakonzetsa njinga kwa atsibweni, ndipo ankakonda kuoneka odziwa. Tsiku lina tikuphunzira za tizilombo towononga chimanga m'nkhokwe anaima pakati pa kalasi, anandiloza ndi choko. “Mukudziwa kuti mankhwala amene amamwa amayi ake a uyu ndi omwe aja timaphera makoswe? Khoswe akadya amatuluka magazi mpaka kufa.” Kalasi yonse inaphulika. Kale ankanditcha mwana wa wotchi, akandiona ankati thi, thi, thi ndi lilime. Tsopano ndinasanduka mwana wa khoswe. Chopweteka n'choti aphunzitsi sananame kwenikweni, ndinadzamva ndili wamkulu kuti mankhwalawo ndi apachibale, amasiyana muyeso. Koma madzulo ake mawu aja anali atafika pamtengo wa mango, ndipo atsibweni anapeza chimene ankasowa. Tsopano ankauza aliyense kuti magazi a mlongo wawo ankatuluka chifukwa cha poyizoni wa azungu, ndipo iwo ndiwo amupulumutsa.

Ine ndinakhulupirira, bwanji osakhulupirira? Ananena ndi aphunzitsi.

Amayi sanangokhala. M'mawa wina anandigwira dzanja, tinayenda pang'onopang'ono mpaka kuchipatala chaching'ono, akupumira pachulu chilichonse. Anamwino atamva anagwira pakamwa. Anati mapiritsi amenewo sapezeka m'zipatala za kumudzi, apite m'tauni tsiku lomwelo, asagonenso. Tinatuluka kulowera kumsewu waukulu wa maminibasi. Sitinafike. Pakamtunda kena amayi anakhala pansi, milomo itachita bii, mpweya ukubanika. Anadutsa wakabaza, mnyamata wabwinobwino amene ankatipatsa moni masiku onse. Anawakweza mwaulemu, ine n'kumathamanga pambuyo. Ndinadabwa kuona njinga ikukhotera kumudzi. Amayi ankamumenya pamsana ndi kadzanja kopanda mphamvu, iye ankangoti, “Pepani mayi, sindingatenge mlongo wa abwana iwo osadziwa.” Anakawatula pakhomo pa atsibweni.

Kuyambira tsiku limenelo amayi sanatulukenso pabwalo pathu. Ankagona chokhala, atatsamira khoma, poti akagona chagada ankabanika. Azimayi a kutchalitchi ankabwera kudzaimba, ankasiya mbatata, ankanong'onezana panja kuti zinthuzi sizili bwino, koma palibe amene anapita kukaima pamaso pa mwini mbumba. Nkhani ya m'banja la eni, ankatero. Ndimawakumbukira onse, nkhope zawo ndi mipango yawo, ndipo ena ndimakumana nawo kumsika mpaka pano. Ndimawapatsa moni.

Masana ena nditaweruka ndinalowa m'bulangete muja monga mwa masiku onse, n'kuika khutu pachifuwa pawo. Ndinamvetsera. Ndinasuntha khutu, ndinamvetseranso. Kaphokoso kaja kanalipo koma kakutali, kofooka, ngati munthu akugogoda chitseko atakulunga dzanja m'nsalu. Nthawi zina kankadumpha osamveka n'komwe. Ndinadzuka ndi chimwemwe chosaneneka. “Amayi, wotchi ikusiya! Mukuchira!” Anandiyang'ana m'maso. Kenako anabweza mutu wanga pachifuwa pawo, anandisisita tsitsi ndi zala zozizira. “Eya mwanangu,” anatero. “Gona pompo.”

M'mawa mwake ndinathamangira kusukulu kukauza onse amene ankandiseka kuti amayi anga salinso wotchi, ali ngati amayi a wina aliyense.

Anamwalira nandolo asanakhwime. Kunacha dzanja ndi mwendo wa mbali imodzi zitalefuka, pakamwa patapotoka, mawu osatuluka. Pamenepo ndiye atsibweni anathamanga, anaitana akabaza, anafuna galimoto, anakalipira aliyense kuti akuchedwa. Ndinamva kuti ali m'galimotomo anatulutsa kabotolo n'kuyesa kuwaika piritsi m'kamwa, koma amayi sankathanso kumeza. Anatsirizikira panjira.

Pamaliro anayankhula ngati mwini mbumba, atavala jekete lomwelo. Anathokoza mpingo, anathokoza mudzi, anati iwo monga gadiyani anatsatira zonse zimene adokotala ananena, osaphonya ngakhale chimodzi, koma Mulungu anali atakonza zake. Anthu anavomera chapansipansi. Foni ija inadzalira patapita masabata, kuti makina akonzedwa, wodwala abwere, ndipo amuuze tsiku loti asiyenso mapiritsi. Ndinali pomwepo ndikutsuka mbale, poti ndinali nditasamukira kwawo. Anangoti, “Anatisiya,” n'kudula.

Chiperoni chitatha makoswe anavuta m'nkhokwe. Madzulo ena atsibweni anakhala pampando wawo, anakhuthulira timapiritsi tonse tija pamwala, anatiphwanya ndi sipanala mpaka tinasanduka ufa wapinki. Anasakaniza ndi gaga m'chigoba cha mbale yosweka n'kukaika pansi pa nkhokwe. Patapita masiku tinapeza makoswe awiri atafa pafupi ndi mtondo, magazi ali m'mphuno. Anawanyamula ndi michira n'kuzungulira nawo mabanja onse a mbumba yathu, khomo ndi khomo. “Mwaona? Izi n'zimene ankamwa chemwali wanga.”

Ine ndinayang'ana makoswewo ndipo ndinachita mantha, komanso ndinawanyadira atsibweni anga. Chimodzi chokha chinkandizunguza mutu. Poyizoni anawalanda, wotchi inasiya, amayi eni ake anandiuza kuti akuchira, nanga anaferanji? Ndinaganiza kuti mwina atsibweni anachedwa kulanda.

Kabotolo kanali gone pafupi ndi mwala uja, kopanda kanthu. Ndinkakafuna chifukwa chivindikiro chake chinali chikadanunkha chitenje cha amayi. Ndinapempha, atsibweni anakakankha ndi phazi kenako anawerama n'kukatola. Ndinagwada monga anandiphunzitsira amayi, ndinalandira ndi manja awiri, ndipo ndinati, “Zikomo kwambiri, atsibweni.”