Fupa la Lachisanu

Ndikukumbukira kuti kwa Mponda anthu sankatha kutisiyanitsa ine ndi Asiyatu. Tinali mapasa, nkhope imodzi, mpata wa mano umodzimodzi, moti ku madalasa shehe ankangokwapula amene wamuyandikira. Kusiyana kwathu kunali kumodzi: ine ndinali wadyera. Pa Idi mbuzi ikaphedwa, ndinkagogoda fupa pamwala mpaka mafuta a m'kati atuluke, n'kuyamwa ndekha.

Tili mu Sitandade 4 anthu anayamba kutisiyanitsa. Asiyatu anatuwa, zikhatho zinayera mbee, mswachi unkatuluka wofiira m'kamwa, ndipo pochokera ku Shire ndi ndowa ankapuma katatu panjira. Kuchipatala akamuwonjezera magazi ankatsitsimuka milungu ingapo, kenako n'kufotanso. Potsiriza dokotala wa ku Blantyre anauza atati, bambo athu, kuti magazi amapangidwa m'mafuta a m'mafupa, ndipo mafuta a Asiyatu aleka kugwira ntchito. Mankhwala ake kuno kunalibe.

Atati anali msodzi, munthu wosadziwa kukhala manja lende. Nkhaniyo anaimva mwa njira yawo. "Mafuta amuthera m'mafupa mwanayu," anauza amao, mayi athu. "Timubwezera." Lachisanu lililonse akachoka kumzikiti ankapita kumsika, khadi la chipani lili m'thumba poti popanda ilo pageti sunkadutsa, n'kubwera ndi mafupa a ng'ombe okulunga m'nyuzipepala. Amao ankawawiritsa masana onse, fungo n'kudzaza bwalo, kenako n'kugogodera mafutawo m'kambale ka Asiyatu. Enafe tinkangomeza malovu.

Lachisanu lina ndinaba. Amao atapita kukatunga madzi, ndinavuula fupa lalikulu n'kuthawira nalo kuseri kwa thandala loyanikapo nsomba. Ndinapsa zala, ndipo sindinama, linali lokoma. Pobwerera ndinapeza Asiyatu ali pamkeka pakhonde, akundiyang'ana. "Pukuta pakamwa, Hawa, ukunyezimira," anatero chapansipansi. Amao atafunsa za fupalo, iye anayankha kuti wadya kale.

Asiyatu anamwalira patapita milungu itatu, mvula isanagwe. Ine ndinatsimikiza mumtima kuti ndamupha ndine, kuti fupa lija ndilo likanamuchiritsa. Sindinauze munthu. Amao anatha miyezi osandiyang'ana kumaso, osati chifukwa ankadziwa, koma chifukwa nkhopeyo inali yomwe anaikwirira. Zinandipweteka kwambiri, ndipo ndinkaona ngati n'zondiyenera.

Chaka chatha mwana wanga wamkazi, amene amayeza magazi kuchipatala, anandipeza ndikukankhira pambali fupa m'mbale, poti chichokereni tsiku lija sindiyamwanso. Ndinamuuza zonse. Anandifotokozera kuti mafuta odya amangopita m'mimba, ndipo Asiyatu akanadya ng'ombe yonse palibe chikanasintha. M'mafupa athu muli timaselo tokhala ngati mbewu, tobereka magazi onse: ofiira, oyera oteteza ku matenda, ndi aja oumitsa bala. Mbewuzo zikafa, madokotala amakoka zina ndi jakisoni m'fupa la m'chiuno mwa munthu wofanana naye, n'kuzilowetsa kwa wodwala ngati dilipi. Zimapeza zokha njira ya m'mafupa n'kuyamba kubereka. Kunja ankachita kale zimenezi ngakhale m'masiku athu aja.

Mtima unapepuka pang'ono. Kenako ndinafunsa kuti wofanana nayeyo amamupeza kuti. Mwanayo anazengereza, n'kunena kuti kawirikawiri amakhala m'bale wa bere limodzi, ndipo palibe woposa mnzake wamapasa wa nkhope imodzi.

Masiku ano ana amadziwa zambiri, ndipo amene ali ndi mwayi amatumizidwa kunja kukachira. Ine ndinamasuka ku mlandu wa fupa, koma chisoni changosintha malo. Atati ankapalasa njinga kukasaka mafupa kumsika, pamene mafupa oyenerawo anali pakhomo pomwepo, akugona mkeka umodzi ndi wodwalayo. Ndikanapereka, Asiyatu. Ndi dyera langa lonse lija, ndikanapereka.