Kachidutswa ka Galasi pa Malaya a Musapinde

Kuntchito amawatchula kuti a Musapinde, ndipo dzinali analiputa okha ndi pakamwa pawo. Munthu akangogwira molakwika kebulo ya faiba, mawu amatulukira kuseri kwa kabati: "Musapinde! Muli galasi umo, si chingwe choyanikira zovala!" Ntchito yawo ndi yolumikiza ndi kukonza makebulo a intaneti m'maofesi, aja amakhala ndi ulusi wagalasi wowonda ngati tsitsi m'kati mwake.

Ukawaona ali pantchito, umasiya zako n'kumaonerera. Amayala kansalu kakuda patebulo, magalasi oteteza maso ali pamphuno. Nsonga ya kebulo sailowetsa m'makina asanaipukute, ngakhale itachoka kumene m'pepala. Yomwe aizula amaiveka kachipewa pompo, ati fumbi ndiye mdani wamkulu. Kusuzumira m'nsongamo ndiye ayi ndithu, poti kuwala koyenda m'menemo sikuoneka koma kumawononga diso. Kuika kapu ya tiyi patebulo lawo? Mungayambane. Ndipo akadula ulusi, kachidutswa kotsalako amakatola ndi tepi n'kukaponya m'kabotolo kotseka. Kanthu kameneko kakalowa m'khungu sikaoneka, kamangolasa, ndipo ukakatikitira m'diso wagwa nayo. Anzawo amawaseka kuti amanyanya, koma pomwe agwira bambo amenewa sipabwereranso munthu kukakonza.

Iwo ndi akazi awo anadikira mwana zaka zambiri, mpaka achibale anatopa n'kufunsa. Tsiku lomwe mwanayo anabadwa, foni inawapeza m'kachipinda kozizira ka makina, atangodula ulusi. Anali apongozi awo aakazi. "Bambo, kwabwera mlendo kuno! Wamkazi! Thamangani!" Analumpha ndi chimwemwe, kachidutswa ka ulusi uja n'kuthawa asanakatole. Anafufuza pakansalu, kunsi kwa tebulo, m'ngodya monse ndi tochi, koma ayi. Anapukuta pansi ponse, anamaliza kulumikiza, n'kutseka kabati. Mtima wokha ndiwo unakana kukhala m'malo. Ngati sikali pansi, ndiye kuti kali pathupi pawo.

Anafika kuchipatala thukuta lili kamukamu. M'wodi anapeza akazi awo atagona, akumwetulira motopa, apongozi atafukata kamwana m'thawulo.

"Landirani mwana wanu, bambo," anatero apongozi.

A Musapinde anabweza manja kumbuyo, n'kusunthira kukhomo.

Nkhope ya apongozi inasintha. "Aa! Mwana tamulirira zaka zonsezi, lero mukumukana? Kapena mumafuna wamwamuna?"

"Ayi, amayi, si choncho. Ndili ndi galasi pathupi."

"Galasi? Lili pati? Inetu maso anga ndi abwinobwino."

Akazi awo anatembenukira kukhoma, misozi ili mbwembwembwe. Zimenezo zinawapweteka a Musapinde kuposa mawu a apongozi. Ankafunitsitsa kumunyamula mwanayo, mtima unkachita kuwawa. Koma anayang'ana kakhungu kofewako, komwe kanali kasanalasidwe ndi kanthu kalikonse, ndipo manja anakhalabe kumbuyo.

Anatuluka pakhonde, n'kusolola tepi yakuda m'thumba. Anapempha namwino kuti awaunikire ndi tochi ya pafoni. Namwinoyo anaseka. "Koma bambo inu, izi ndiye zachilendotu." Komabe anaunika. A Musapinde anamata tepi pachifuwa, kumatula, kuyang'ana: palibe. Pamimba, palibe. Pakolala, palibe. Odutsa ankaima kuonerera bambo wamkulu akudzimata tepi ngati katoni, iwo osalabadira. Atafika pomwe anakulungira mkono wa malaya, pafupi ndi chigongono, namwino anati, "Taimani!" Pa tepipo panali kanthu kakung'anima, kowonda, kakuthwa. Pamenepo ndi pomwe pakanatsamira mutu wa mwana.

Namwino anatenga tepiyo kukaonetsa m'kati. Apongozi anaiyang'ana nthawi yaitali poiunika, kenako anagwira pakamwa. "Mayo ine," anangotero.

Namwino atabweza tepiyo, a Musapinde anatsekera kachidutswako m'kabotolo kawo kaja, anavula malaya n'kuwamanga m'jumbo, ndipo anasamba manja mpaka m'zigongono ndi madzi ambiri. Analowanso m'wodi atavala vesiti yokha, opanda ndi manyazi omwe. Apongozi anangoimirira n'kuwapatsa mpando wawo, kenako mwana. Akazi awo anali atatembenukanso, akupukuta m'maso.

"Mugwirizize mutuwo, bambo ake," anatero chapansipansi.

Iwo anagwiriziza, ndipo analira mokweza, wodi yonse ikumva.