Maliro Amene Joana Anakonzera Munthu Wamoyo

Pa Chiponde, kuseri kwa magolosale, panali khonde limene Joana ankasokerapo zigamba ndi singano ya pamanja. Alendo ankadabwa kuona telala wopanda makina, koma eni mudzi ankawatsina kuti asafunse. Nkhani ya makinawo ikangoyamba, chigamba chako chinkagona pomwepo.

Joana anabadwira kutsidya kwa malire ku Mozambiki, kupitirira Mandimba. Mwamuna wake anali telala, ndipo anamwalira ndi chifuwa nkhondo isanafike kumudzi kwawo. Anamusiyira mwana mmodzi wamkazi, Estela, ndi makina osokera opukusa ndi dzanja. M'mawa wina mu 1987 mfuti zinalira anthu akupita kumunda. Joana anasenza makina aja, nauza Estela, wa zaka khumi ndi chimodzi, kuti agwire nsonga ya chitenje chake osataya. Manja ake onse awiri anali pamutu, kugwirira katundu. Pa dambo lina gulu lothawalo linabalalika, wina kugwa, wina kupondedwa, ndipo pamene Joana anatulukira kutsidya, panalibenso womukoka chitenje.

Anafika ku Chiponde ndi makina, mwana alibe. Mayi wina wachisilamu, Ajira, amene ankagulitsa thobwa ndi zitumbuwa, anamupatsa malo pakhonde pake, ndipo awiriwa anagwirizana ngati a bere limodzi. Joana ankasoka bwino, komanso ankalandira ufa, nandolo ndi mafuta pamodzi ndi anzake othawa nkhondo, choncho njala sinamusautse kwenikweni. Chimene chinkamudya chinali china. Aliyense wochokera kutsidya amene wakhala pansi kuti amwe thobwa ankamva za Estela: chipsera cha moto pachigongono chamanzere, mpata wa m'mano, dzina la mudzi, ngakhale dzina la galu wawo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo Joana anachitsekula mpaka kuchizula.

Mwa omwa thobwawo munali Nelson wa ku Namwera, wamalonda wa pa njinga, amene ankadutsa njira za m'tchire kukagulitsa mchere ndi sopo ku Mozambiki. Anali waulemu wochititsa manyazi. Akamalandira chikho ankanjuta, akamamvetsera ankapendeketsa mutu ngati akumva chisoni cha kwawo. Munthuyu sankafunsa zambiri, poti Joana ankamupatsa zonse yekha.

Chaka cha 1991, mvula itangosiya, Nelson anafika ndi wailesi ya kaseti atakulunga m'jekete lake.

"Amayi, khalani pansi kaye," anatero. "Ndakutengerani kanthu, koma mulimbe mtima."

Anadina batani. Munamveka phokoso ngati la mvula pa malata, kenako mawu a mtsikana, otsika, onjenjemera: "Mama, ndine Estela. Ndili moyo. Chipsera chija chidakalipo. Musalire, mama."

Musamuseke Joana. Zinali zitapita zaka zinayi, ndipo mawu a mwana amasintha akamakula. Mabatire nawo anali ofooka. Koma ngakhale akanakhala atsopano, mayi amene wadikira zaka zinayi sayesa mawu pa sikelo. Anagwa chafufumimba pa simenti, nakumbatira miyendo ya Nelson, misozi ili chuchuchu pa nsapato zake zafumbi.

Nelson anafotokoza kuti Estela akusungidwa pakhomo pa munthu wina wa mfuti, akugwira ntchito ngati kapolo, ndipo kumuchotsa kufunika kupita pang'onopang'ono. Kuyambira pamenepo mwezi uliwonse njinga inkanyamuka ndi bulangete, mafuta, shuga kapena diresi limene Joana wasoka poyerekeza msinkhu wa mwana amene sanamuone akukula. Njingayo ikabwera, inkabweretsa kaseti yatsopano. Joana ankabwereka wailesi kwa mlongo wake wa Ajira n'kumamvetsera mpaka kaseti kuyamba kukoka mawu. Ankadziwa pamene mtsikanayo apumire, pamene amezere malovu.

Mwezi wachisanu ndi chiwiri Nelson anati munthu wa mfuti uja wavomera kumasula mwanayo, koma akufuna makina osokera. Ajira anakwinya nkhope.

"Achemwali, makinawa ndiwo munda wanu. Bwanji mwanayo afike kaye pa malire, muonane maso ndi maso?"

"Makina amenewa ndiwo anandilanda mwana," anayankha Joana. "Apite akamubweze."

Anawamanga yekha pa kaliyala wa njinga ya Nelson, ndipo tsiku limenelo anadya mokhuta koyamba chichokere kwawo. Sabata ziwiri zinatha, kenako mwezi. Nelson anabwera wopanda mwana, ali ndi kaseti ina yonena kuti njira yatsekedwa, mama adikire pang'ono. Ndipo poti wakuba akazolowera amaiwala manyazi, anavula jekete lake lofiirira n'kumusiyira kuti amusokere thumba ndi singano ya pamanja, adzalitenga akabwera ku ulendo wotsatira.

Patapita masiku awiri Joana anakwera galimoto kupita ku msika wa Namwera kukagula ulusi. Akudutsa pa mzere wa ogulitsa mtedza, anamva mawu kumbuyo kwake: "Wa chaka chino uwu, amayi, talawani." Anali mawu a mu kaseti aja. Anafuna kukuwa dzina la mwana wake. Atatembenuka anaona mayi wa zaka zoposa makumi awiri, wonenepa bwino, mwana kumsana, atavala diresi la maluwa achikasu. Msoko wa m'khosi mwa diresilo Joana anauzindikira, chifukwa anaupasula kawiri kuti ukhale bwino pa Estela.

Sanakuwe. Anakhala pansi nagula mtedza, nayamba kutsutsa mtengo kuti mayiyo alankhulebe. Ankapumira pomwe paja, ankameza malovu pomwe paja. Chigongono chamanzere chinali chosalala. Joana anafunsa wogulitsa tomato pafupi kuti mayi wansangalayu ndi ndani.

"Ameneyu ndi Keti, mkazi wa Nelson wa njinga uja. Nyumba yawo ndi ya chitseko chobiriwira, kuseri kwa chigayo."

Atabwerera ku Chiponde, Ajira anamva zonse atagwira pakamwa.

"Subuhana! Masiku a wakuba ndi arubaini, makumi anayi, ndipo akwana. Tiyeni kupolisi pompano."

"Kupolisi tidzapita," anatero Joana. "Koma akangomutsekera, mkazi wake azikampatsira chakudya, aziseka pa waya wa ndende. Ine ndamva mmene mtsikana ameneyu amalirira zabodza. Ndikufuna ndimve mmene amalirira zenizeni."

"Mukufuna kutani?"

Joana atamuuza, Ajira anaimirira. "Bodza la maliro ndi haramu, achemwali. Mulungu adzakufunsani."

"Adzayambira iwo. Ine ndidzadikira pa mzere, ndinazolowera."

Joana anayenda m'misasa ya othawa nkhondo masiku atatu, kufunsa mwakachetechete, ndipo anapeza amayi ena atatu amene ankasunga makaseti m'mipango ngati mankhwala. Mmodzi, Esitere, anali atapereka mbuzi ziwiri. Atasewera makasetiwo motsatizana, ana anayi osiyana mayina ankalankhula ndi pakamwa pamodzi. Esitere anasanza. Joana sanagwetse msozi, anangowauza tsiku ndi malo oti adzakumane.

Anadikira mpaka atamva kuti Nelson wawolokadi malire ndi matumba a mchere, ulendo wa masiku anayi. Anatenga jekete lija, naling'amba ndi sizasi, naliwaula pa mbaula, kenako anapita kwa opha mbuzi kukapempha magazi pang'ono. Dzuwa litakwera anali ku Namwera, pa nyumba ya chitseko chobiriwira. Keti ankasesa pabwalo. Joana sanaodire. Anakhala pansi pa dothi kumapeto kwa bwalo, nakana mphasa, nakana moni, monga amachitira obweretsa uthenga woipa. Tsache linagwa m'manja mwa Keti.

"Pano ndi pa bambo Nelson?" anafunsa Joana, maso pansi.

"Eya. Kwagwanji, amayi?"

Joana anamasula mpango nayala jekete lija pa dothi. "Njira ya m'tchire. Anaponda bomba lokwirira. Anthu amene anafikapo akuti zotola panalibe, koma ichi chokha."

Masiku amenewo uthenga wotere sunkafuna mboni. Keti anakuwa mpaka chigayo chinazimitsidwa. Anadzigubuduza m'fumbi, nang'amba bulauzi, naitana mwamuna wake ndi mayina onse a m'nyumba. Joana anamvetsera mutu uli pambali, ndipo kunena zoona, mtima wake unakhala pansi. Kulira kumeneku kunali kosiyana ndi kwa mu kaseti. Kunalibe malo opumira.

Sanachoke pamaliropo. Anatunga madzi, anasenda maungu, anakhala pambali pa namfedwa n'kumamupukuta nkhope ndi chitenje chake. Anthu ankayamikira mayi wachilendo wachifundo choterechi. Abale atasonkhana anagwirizana kuti, poti thupi palibe, aike jeketelo pamodzi ndi thunthu la nthochi. Tsiku lachitatu adzukulu anakumba manda, ndipo amayi atatu aja anafika nakhala kumbuyo kwa siwa ndi dengu lophimba.

Nyimbo yotulutsira maliro itangoyamba, belu la njinga linalira kumsewu. Nelson analowa pabwalo akukankha njinga yake, nkhuku ziwiri zikulendewera pa chiwongolero, akufunsa kuti wamwalira ndani. Anthu anabalalika ngati mwagwa njoka m'nyumba. Mkulu wa mpingo analumpha mpanda umene pa tsiku wamba sakanatha ngakhale kuukwera. Keti anatsala pa mphasa, maso ali pa mwamuna wake.

Apo m'pamene Joana anaimirira, navundukula dengu, natulutsa wailesi. Mabatire anali atsopano. "Mama, ndine Estela. Ndili moyo." Anachotsa kasetiyo naika ya Esitere, kenako ina, kenako ina. Anthu amene anabalalika aja anayamba kubwerera mmodzimmodzi, ndipo panalibe wa ku Namwera amene sanawadziwe mawuwo.

"Amayi," anayamba Nelson, akunjuta monga mwa masiku onse, "tiyeni tikambirane m'nyumba ngati anthu."

"Malemu salankhula," anatero Joana. Kenako anatembenukira kwa Keti. "Iwe, itana mayi ako. Ndili pano. Itana monga umaitanira muja."

Keti anagwada, mawu atasasa ndi kulira kwa masiku atatu. "Pepani amayi. Ankandiuza zonena, ine n'kumangonena. Ankati n'zongoti mitima yanu ikhale pansi. Kunali njala pakhomo pano."

"Njala? Ukanabwera pakhonde panga ndikanakugawira ufa. Walira masiku atatu, mwamuna wako wabwera ndi nkhuku. Ine ndiyambirenso kulira lero, ndipo kulibe belu limene lidzandilirire. Bweza diresi la mwana wanga."

Diresilo linali pa chingwe kuseri kwa nyumba. Esitere ndiye anakalitenga.

Manda okumbakumba sawasiya apululu, choncho adzukulu anakwirira thunthu la nthochi lija ndi jekete lomwe, mwini wake akuonerera. Apolisi anatenga onse atatu, Joana, Nelson ndi Keti. Joana anagona m'chitolokosi masiku awiri chifukwa chosokoneza mudzi, ndipo anatuluka akuyenda ngati wachokera ku ukwati. Nelson anakhala kundende miyezi ingapo. Makina anali atagulitsidwa kalekale kwa munthu wa ku Mangochi amene sanapezeke. Nelson atatuluka, dzina lake linali litasintha. Kuyambira ku Namwera mpaka ku Chiponde aliyense ankamutcha Malemu, ndipo amayi sankagula mchere kwa munthu amene ali ndi manda ake kale. Choipa chitsata mwini, koma ichi Joana anachita kuchiperekeza mpaka pakhomo.

Nkhondo itatha, malole anayamba kubweza anthu kwawo. Joana anapita nawo mu 1994, nafika pamudzi pawo, nafunsa nyumba ndi nyumba, nakaima pa dambo lija. Panalibe amene anaona Estela, wamoyo kapena wakufa. Anabwerera ku Chiponde, kukhonde kwa Ajira, ndi singano yake.

Ambiri anayesa kumufewetsa mtima. Akumpingo kwake ankamuwerengera za kukhululuka. Ena ankati anthu ngati Nelson ndi ofunika kuwamvera chisoni, poti umphawi ndi umene umawaphunzitsa zimenezi. Joana ankayankha kuti pa Chiponde onse anali amphawi, koma si onse amene anagula kaseti. Tsiku lina Keti anadutsa pamsewu atasenza nkhuni, wowonda, chitenje chakutha, ndipo Ajira anaona mnzake akumuperekeza ndi diso lakuthwa mpaka kukakhota.

"Achemwali, zaka zapitapo," anatero Ajira. "Analangidwa mokwana. Mukusungiranji mangawa? Makina ndi chitsulo chabe."

Joana anabaya singano pa nsalu naisiya pomwepo.

"Makinawo ndinawaiwala kale, ndi mabulangete omwe. Mukudziwa chimene ananditengera? Kale ndikatseka maso ndinkamumva Estela akundiitana pabwalo kwathu, mawu ake enieni. Zaka zinayi ndinawasunga, sanatayike. Kenako ndinamvera makaseti aja mpaka kuwaloweza." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, mokwiya. "Pano ndikati ndimukumbukire mwana wanga, amene amandiitana ndi Keti. Ndayesa, achemwali, ndayesa. Mawu a Estela sindikuwadziwanso."